Kamdothi, Sid ndi galimoto ya waya

Amayi anabwera kuchokera ku Katete kudzapimitsa maso, ndiye anakhala nafe milungu iwiri kuno ku Chilenje. Loweruka lina masana, malaiti alipo mwamwayi, ana atatu a mlongo wanga anali pamkeka kutsogolo kwa TV, maso ali tong'o, kuonera filimu ija ya zidole zimene zimadzuka n'kuyamba kuyenda ndi kukangana mwini wake akangotuluka m'chipinda. Amayi anali pampando akusadzula nkhwani. Anaponya diso kamodzi, kawiri, kenaka anatula lichero pansi.

"Iwe, ana awa ukuwaonetsa chiyani? Chidole kuyenda chokha? Kwathu chosema chikayenda usiku, m'mawa timakagogoda kwa amfumu."

Ana anaseka chikhakhali. "Ambuya, ndi katuni chabe!" Amayi sanaseke nawo. Anangoti zinthu zina si zoseweretsa, n'kunyamula lichero lawo kukakhala kukhonde.

Madzulo ake malaiti anapita. Tinayatsa kandulo, ana anayamba kutekatekana posowa chochita, ndipo amayi omwewo ndi amene anawakhazika pansi ndi mawu akale aja: "Padangokhala." Ana a m'tauni sadziwa kuvomera, moti ndinachita kuwanong'oneza kuti muziti tili tonse. Nthano yake inali ya mayi wosabala uja amene anatapa dongo kudambo n'kuumba mwana, mwanayo n'kukhala wamoyo, kumayenda ndi kusewera ndi anzake. Kamdothi. Kumwamba kukada, make ankaima pakhomo n'kumuimbira kuti athawe mvula. Tsiku lina anasewerera kutali, mvula inamupeza panjira, ndipo anasungunuka make akuona. Wamng'ono wa ana aja analira mpaka mamina. Ine ndinali pakona ndikudziluma mlomo kuti ndisaseke, poti chidole chamoyo chimene masana chinali ufiti, usiku chinasanduka mwambo wa makolo.

Sindinawafunse amayi. Amene anakubala sumupanikiza pamaso pa adzukulu ake. Koma mawu ngati awo ndawamvanso kwa anthu a sukulu zawo, kutchalitchi ndi m'magulu a makolo a pa WhatsApp: akuti mafilimu oterewa amatsegulira mizimu khomo, akuti mwana asagone ndi chidole cha maso. Ndimawamvetsa, chifukwa tinakulira m'nyumba zimene nkhani za zithumwa ndi ndondocha zinkanenedwa monong'ona. Komabe mlandu wa ufiti suima. Kamtsikana ka zaka zinayi kakabereka chitsononkho kumbuyo ndi kansalu, n'kumachisisita kuti tonthola mwanawe, palibe amene amathamangira kwa abusa. Mnyamata akaumba nkhunzi ziwiri zadongo n'kuzigundanitsa nyanga, uku iye mwini akulira m'malo mwa izo, timangoti mwana akusewera. Masanje onse ndi amenewa: miyala ndi nyama, mchenga ndi ufa, chidole ndi khanda lomwe lili ndi njala. Chidole chimene sichinakhalepo chamoyo m'mutu mwa mwana ndi chokongoletsera pakabati basi. Filimu imangoika pagalasi zimene mwana amachita kale kuseri kwa nyumba.

Ndipo nthano imeneyi si ya ife tokha. Ku Italy, Carlo Collodi anatulutsa buku la Pinocchio mu 1883, nkhani ya mmisiri wosauka amene anasema kamnyamata pachipika cha mtengo, kamnyamatako n'kuyamba kuyenda. Taonani kufanana kwake ndi Kamdothi: munthu wosowa mwana, manja ake awiri, ndi chinthu chimene chili pafupi, kaya dongo kaya mtengo. M'nthano zonse ziwirizi, chidole chimakhala ndi kholo, ndipo khololo ndi amene anachipanga.

Apa ndi pamene pali changa chodandaula, ndipo n'chosiyana ndi cha amayi.

Filimu imene ana ankaonera ndi Toy Story, ya kampani ya Pixar ya ku America, yomwe inatuluka mu 1995. Inali filimu yaitali yoyamba kupangidwa yonse pa kompyuta, ndipo ndinene poyera kuti ndi yokoma. Ndaionera kangapo, ndimaseka pamalo omwewo. Muli anyamata awiri oyandikana nyumba. Andy ndi mwana wabwino: zidole zake ndi zogula, zimabwera m'makatoni pa tsiku lake lobadwa, amazilemba dzina lake kuphazi n'kuzisamala. Sid ndi mwana woipa. Kuipa kwake n'kotani? Amaphwasula zidole n'kuzilumikizanso mwa njira yake. Mutu wa chidole cha khanda auika pa miyendo yazitsulo yonga ya kangaude, miyendo ya chidole chachikazi ailumikiza ku ndodo yowedzera nsomba. M'chipinda chake muli mdima, muli zida, muli zidutswa mbwee. Kumapeto zidole zimamuopseza mpaka kuthawa akukuwa, ndipo mwana aliyense woonera amaomba m'manja. Mu filimu yachitatu ya mu 2010, Sid akuoneka pang'ono atakula, ali pa galimoto yotola zinyalala. Olemba anaika ngati nthabwala, koma mwana amamva uthenga wake.

Tsono tabwerani ku Kalingalinga, ku Kanyama, ku Matero. Mwana amene amatola zidutswa, kuziphwasula, kuzilumikiza ndi kutulutsa chinthu chimene kunalibe, kwathu kuno timamutcha ndani? Ife tinkamutcha injiniya.

Ndinakulira ku Matero m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu mzere wathu wa nyumba munali mnyamata wina amene tonse tinkamugwadira. Mpira sankautha, m'kalasi anali wapakatikati, koma waya unkamumvera. Ntchito inkayamba ndi kusaka: waya wa mpanda wakugwa, mahang'ala akale a zovala, zitini za polishi wa nsapato, chubu cha njinga chobooka. Waya ankauwongola pamwala ndi mwala unzake, go go go, mpaka ukhale ngati wotuluka kufakitale. Ankayamba ndi tchesisi, kenaka thupi, n'kumanga mfundo zonse ndi waya wamng'ono wa kopa wosenda ku nthambo yamagetsi yakufa. Mawilo anali zitini zija ziwiriziwiri zophatikiza, zokulungidwa ndi mphira kuti zisaterere. Luso lenileni linali kutsogolo: mawilo ankakhota ndithu, kumvera chiwongolero chachitali chofika m'chiuno, moti unkatha kubwerera chammbuyo ndi kuimika galimoto pakati pa njerwa ziwiri. Ena ankaikamo masipuling'i kuti inyamule miyala osathyoka, ndi kababu ka tochi kolumikiza ku mabatire akale amene tinkawayanika padzuwa pokhulupirira kuti adzuka. Ife aang'ono ntchito yathu inali kugwira waya ndi kutumidwa. Ukagwira bwino miyezi ingapo, ankakulola kupinda wekha chitseko. Imeneyo inali sukulu, yokhala ndi magiredi ake, ngakhale panalibe amene ankaitcha choncho.

Ndisadzinamize ndi kukoma kwa kale. Tinkapinda waya chifukwa m'masitolo munalibe kanthu. Inali nthawi ya a Kaunda, pamene amayi athu ankalawirira pamzere wa sopo, shuga ndi saladi, ndipo chidole cha pulasitiki unkachiona kwa mwana amene atate ake anapita kunja. Wina akanandipatsa kagalimoto ka m'sitolo tsiku limenelo, waya ndikanautaya osacheuka. Misika itatseguka pambuyo pa 1991, salaula anadzaza, zidole zakale za ana a ku Ulaya zinayamba kubwera m'mabelo limodzi ndi majekete, ndipo lero pa Kamwala kapena pa Soweto zidole za pulasitiki zimaunjikidwa ngati tomato. Sindilira nazo. Kholo limene limatha kugulira mwana wake chidole lisachite manyazi. Chimene ndikunena n'chakuti umphawi uja unatisiyira chinthu chimodzi chamtengo, ndipo tikuchitaya limodzi ndi umphawiwo popanda kuchiyang'ana kawiri.

Ndinaziona m'nyumba mwathu momwe, amayi asanabwerere. Mwana woyamba wa mlongo wanga ali ndi zaka 10. Pa tsiku lake lobadwa make anamugulira kagalimoto ka mabatire ku Kamwala, kofiira, koyenda ndi rimoti, ndalama yake yokwana ndiwo za masiku angapo. Sikanathe milungu iwiri, wilo limodzi linaleka kuzungulira. Mnyamata sanauze munthu. Anatenga mpeni wa kukhitchini, anamasula tizomangira, anatsegula mimba ya kagalimotoko n'kuchotsa kamota. Anadula botolo la maheu, anapinda timapiko tinayi, anatibaya pa kamutu ka mota ndi chotsekera cha bolopeni, n'kulumikiza nthambo ziwiri ku batire ndi selotepi. Munali mu Okutobala, kutentha koti ngakhale galu safuna kuuwa. Anabwera nako pabalaza kakuzungulira, fyuu, nkhope ili ngwee, kuti ationetse fani yake.

Make anangoona chigoba chofiira chili gada pansi.

"Ndalama yanga! Mwana wosayamika iwe, chilichonse ukachigwira n'kuononga!"

Patapata anali kale m'manja. Koma chimene chinamulasa mnyamata si patapata. Ndi mlongo wake wa zaka 7 amene anaima pakhomo n'kunena mokoma mtima, ngati wothandiza pa mlandu: "Amama, uyu ndi Sid." Mnyamata anazimitsa fani yake, anakaiponya pansi pa bedi, ndipo tsiku lonse sanalankhule. Mwana wamkaziyo sanalakwe kanthu. Anangotchula dzina limene filimu inamupatsa la munthu wotere, ndipo linali dzina lokhalo limene anali nalo.

Ena adzati ndikukulitsa nkhani, katuni ndi katuni. Koma amalonda a zidole sanaganizepo choncho. Mr. Potato Head, amene ali m'gulu la zidole za Andy, ndi chidole chenicheni cha m'sitolo, ndipo mu 1952 chinali chidole choyamba kutsatsidwa pa TV ku America. George Lucas atatulutsa Star Wars mu 1977, chuma chake chachikulu chinadzera mu zidole ndi katundu wina wa filimuyo, poti ufulu wogulitsa zimenezo anausunga. Kuyambira pamenepo filimu ya ana ndi shelefu ya m'sitolo zinakhala pachibale. Sindikuti olemba nkhani ya Andy anakhala pansi n'kupangana zonyoza ana osauka, ayi. Ndikuti nkhani yobadwira m'dziko limene chidole chimagulidwa, imaona kusunga ngati ukoma ndi kuphwasula ngati tchimo, chifukwa kumeneko chophwasuka chimangopita kudzala. Nkhaniyo ikafika m'dziko limene mmisiri wa mawailesi pa Town Centre amadyetsa banja ndi kuphwasula mafoni awiri akufa kuti adzutse imodzi, imaphunzitsa chammbuyo.

Eni ake anaoneka ngati azindikira. Mu filimu yachinayi ya mu 2019 muli Forky, chidole chimene kamtsikana kanapanga kokha kusukulu ya mkaka ndi kasipuni ka pulasitiki kotola m'bini, timitengo ndi maso omata. Chinakhala chamoyo chifukwa mwana anachipanga n'kuchikonda, Kamdothi weniweni. Ndinasangalala nditaona. Koma chidolecho kumayambiriro kwa filimu chimangothawira m'bini, kuumirira kuti ine ndine chinyalala, ndipo anzake ogula aja ndi amene amachiphunzitsa kuti ndi chidole. Ndiye filimu itatuluka, Forky anayamba kugulitsidwa m'masitolo, wopangidwa kufakitale, m'katoni. Chidole chimene phunziro lake lonse linali lakuti mwana angathe kudzipangira yekha, makolo anakachigula. Pamenepa ine ndinagwa ulesi.

Mlongo wanga ali ndi mbali yake, ndipo si yopepuka. Ndalama amaipeza movutikira, ndipo mwana ayenera kudziwa kuti chinthu chogula chili ndi thukuta la munthu. Sid wa mu filimu nayenso si woyera: amalanda chidole cha mlongo wake, amaphulitsa zina ndi makombola osewerera pongofuna kuseka. Kuononga kulipo, ndipo mwana woononga amafunika kudzudzulidwa. Vuto ndi lakuti filimu, monganso ife makolo, imaika m'thumba limodzi wophwanya chifukwa cha nkhanza ndi womasula chifukwa chofuna kudziwa. Kuwasiyanitsa sikovuta. Woononga amasiya zidutswa n'kuchokapo. Winayu amakhala pomwepo, lilime lili kunja, kuyesa kuti ichi chingalowe pati. Funso limodzi lokha, lakuti ukupanga chiyani, likanamuuza mlongo wanga kuti ali ndi mwana wa mtundu uti. Ngakhale mu filimu momwemo, zidole zolumikizalumikiza za Sid zija ndi zimene zinabwezeretsa mkono wa Buzz, chidole china cha Andy, utaguluka. Luso lokonza linali m'chipinda cha mwana woipa, osati cha wabwino.

Palinso zifukwa zina zimene galimoto ya waya ikusowera, zosakhudza filimu. Kolera wa kumapeto a 2023 ndi kumayambiriro a 2024 anatiopsa tonse, odwala anagonekedwa mpaka ku Heroes Stadium, masukulu anachedwa kutsegulira, ndipo kholo loletsa mwana kufukula kudzala silingatsutsidwe. Waya weniweniwo unasanduka ndalama, ogula zitsulo zakale amasesa chilichonse. Madambo amene tinkatapako dongo anamangidwa nyumba. Ana a mayadi amakulira kuseri kwa mipanda ya njerwa, kumene mnyamata wamkulu wa mu mzere sangawaphunzitse kanthu chifukwa mzerewo kulibe. Lero ukafuna kuona galimoto kapena njinga ya waya yopangidwa mwaluso, upite kumene amagulitsa zosemasema kwa alendo, ku Kabwata Cultural Village kapena pa msika wa Lamlungu pa Arcades. Mzungu amagula kukaika pa shelefu ku London, mwana wa wopangayo akulirira cha pulasitiki.

Koma zopangira sizinathe, zinangosintha. Nyumba iliyonse mu Lusaka ili ndi kabokosi ka zakufa: matochi a sola, machaja, mahedifoni, wailesi yosalankhula, zidole za mabatire zimene sizinaone Khirisimasi yachiwiri. Mmenemo muli timamota, timababu, maginito, nthambo. Mwana safunikanso kupita kudzala, dzala labwino lili pamwamba pa wadiropu. Chofunika ndi munthu wamkulu woti achotsemo zoopsa, monga mabatire a foni otupa ndi chilichonse cholowa kusoketi, n'kunena kuti zotsalazi ndi zako, chita nazo zimene ufuna. Timadabwa kuti ana athu akafika ku makalabu a sayansi a JETS kusukulu amangokopera zojambula za m'buku, pamene kunyumba tinawamenya pa tsiku limene anayamba sayansi yeniyeni. M'mera mpoyamba, ndipo mmera wake ndi umenewu, wa mpeni wa kukhitchini ndi selotepi.

Tsidya la malire, ku Wimbe m'boma la Kasungu, William Kamkwamba anasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, makolo atasowa fizi. Ali ndi zaka 14 anamanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zotola: fani ya thirakitala, mafupa a njinga ya atate ake, mapaipi a pulasitiki, mitengo ya bulugamu. Anthu a m'mudzi ankamuona akufukula zitsulo n'kumati wapenga. Lero dziko lonse limamudziwa, ndipo tonse timamunyadira poti amalankhula chinenero chathu. Koma tisaiwale kuti njinga ija inali ya atate ake, ndipo inaphwasulidwa. M'nyumba zambiri za kuno, nkhani yake ikanathera pa patapata.

Sindikupempha kuti tizime TV. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mafilimu awa aphunzitsa ana athu zabwino zambiri, za ubwenzi, za nsanje, za kusiyana ndi zimene umakonda. Ndikupempha kuti nthano yathu ikhalenso pagalasipo. Kuti n'zotheka tinaona mu 2023, pamene Netflix inatulutsa Supa Team 4, katuni ya Malenga Mulendema wa kuno kwathu, ya atsikana anayi opulumutsa dziko ali mu Lusaka wa m'tsogolo. Ana a mlongo wanga anakuwa atamva mayina ndi kalankhulidwe kodziwika. Ndiye bwanji za zidole? Ndimaganizira filimu ya galimoto ya waya imene imadzuka usiku pakhonde ku Chawama, limodzi ndi mpira wa mapepala womanga ndi zingwe, lole ya paketi ya Chibuku ndi khanda la chitsononkho. Nkhani yake singafanane ndi ya ku America, chifukwa mantha ake ndi ena. Woody, chidole chokondedwa cha Andy, amaopa kuiwalidwa ndi kutayidwa. Galimoto ya waya siopa kumasulidwa, chifukwa waya wake unali mpanda dzana, ndi galimoto lero, mkuja udzakhala ndege. Ngakhale Kamdothi atasungunuka, dongo lake linangobwerera kumene linachokera, ndipo amayi anga amati m'midzi ina nthanoyo imanenedwa mosiyana. Wolemba wanzeru ali ndi poyambira.

Usiku womaliza amayi asanakwere basi ya ku Katete, malaiti anapitanso. M'nyumba munali ngati mu uvuni, mazenera otsegula koma mphepo ziii. Amayi anali pamkeka akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto. Kenaka anatembenukira kwa mdzukulu wawo wamkulu.

"Iwe, kanthu kako kozungulira kaja unakaika kuti? Ndinakaona posesa."

Mnyamata anayang'ana make. Make anayang'ana kandulo. Anapita kuchipinda, tinamva akukwawa pansi pa bedi, n'kubwera nako kali fumbi lokhalokha, phiko limodzi litapindika. Analiwongola ndi mano, anagunditsa nthambo. Kanazungulira kawiri n'kuima.

"Ambuya, batire latha."

Amayi anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo, anawerenga makobidi pa kuwala kwa kandulo, n'kumupatsa.

"Thamanga pa kantemba asanatseke. Ugule awiri."